Pogona pa Bambo Geresomo Alufandika

Malemu bambo Geresomo Alufandika anabadwa pa 4 Epulo 1949 ku Chiromo, pomwe Ruo amathira mu Shire. Sukulu anaphunzira komweko, nalekezera Sitandade 6.

Mu 1969 analembedwa ntchito yokoka tcheni kwa oyeza malo. Kumeneko ndiko anapeza mapu akale a nthawi ya atsamunda, oonetsa mitsinje iwiriyo, madambo ndi zitunda. Amene munkawachezera mukudziwa: mlendo asanapatsidwe ndi madzi omwe, mapu ayalidwa kale pamphasa.

Mu 1974 anakwatira mayi Veronika a kuno ku Bangula, nawatengera kutsidya. Nyumba anamanga pomwe mapuwo ankati m'pachitunda.

Tsono apa ndipemphe mitima ikhale pansi, makamaka inu akuchikazi, chifukwa mbiri ya munthu sitidumpha. Mu Januwale 2015, madzi atayamba kukwera, alamu awo a Feston anapalasa bwato kukatenga mlongo wawo. Malemu anakana. Anatulutsa mapu aja, nati chiyambire madzi sanafikepo pamenepo. Sanadziwe kuti Ruo wasiya njira yake yakale. A Feston anabwerera okha, madzi anasefukira mpaka panyumba paja, ndipo patapita masiku mayi Veronika anapezeka m'bango atatisiya.

Chichokere pamenepo a Feston sanapondenso pakhomo pa malemu. Lero tawaona afika, ndipo sitikuchitenga mopepuka.

Malemu anayamba kudwala mtima mu 2023, ndipo anamwalira pa 9 Febuluwale 2025 kuchipatala ku Nsanje. Anasiya pempho limodzi lokha: agone pambali pa akazi awo, m'manda a kwa a Feston. Ife kwathu kulibe kowatengera, manda a makolo athu ali pansi pa mchenga wa Ruo. Tinapempha dzana, tinapemphanso dzulo, yankho silinabwere. Kunena mosabisa, tili ndi mantha. Dzuwali mukuliona nokha, ndipo thupi silingagonenso pano.

Asiya ana atatu, Harold, Glory ndi Symon, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza ampingo, amayi amene mwagona pasiwa, ndi adzukulu okumba manda amene akhala chikhalire kunja kwa msitu kuyambira m'mawa, makasu ali m'manja, osadziwa pokumba.

A Feston, alamu anu analakwa, ndipo apita akudziwa kuti analakwa. Mzimu wawo uuse mumtendere, pamalo pomwe inu mutilozere.