Matumba Anayi a Makoko a Soya

Ine, Promise Chitanje, wa zaka 26, wa m'mudzi wa Yofu kuno ku Likoma, msodzi waganyu komanso woweta nkhumba, ndikunena izi.

Pa 9 Ogasiti 2024 m'mawa ndinapita ku Khuyu kwa a Oswald Mlongoti n'kuwapatsa K150,000 pamanja. A Oswald ndi amalume a mkazi wanga Dinah. Amachita geni, amakwera sitima kukapikula katundu kumtunda. Ndalamazo zinali zoti akandigulire matumba awiri a keke wa soya, kuphatikizapo zonyamulira pa sitima. Panalibe munthu wina pamene ndinkawapatsa. Sitinalemberane chilichonse, chifukwa ndi apongozi.

Ndinali ndi tiana ta nkhumba tisanu ndi titatu tongosiya kumene kuyamwa. Alangizi a ziweto, mayi Enelesi, anandiuza kuti tiana totere sitikula ndi makoko a chinangwa ndi gaga basi, timafuna chakudya champhamvu. Anati ndipeze keke wa soya, uja amatsala akafinya mafuta, ndizisakaniza ndi gaga, pofika Khirisimasi tikhala titafika pogulitsa. Kuti ndipeze ndalamazo ndinagulitsa make wa tianato kwa opha nyama.

Mwana wanga Mayeso anabadwa mu Meyi ndi mapazi opindika. Kuyambira Julayi iye ndi amake ali ku Mzuzu kumene amamumanga chikhakha kuchipatala. Akukhala m'nyumba ya mwana wa a Oswald. Ndalama za nkhumbazo ndi zimene ndikufuna kukawatengera kuti abwerere kunyumba. Pakhomo ndilipo ndekha.

Pa 20 Ogasiti a Oswald anatsika sitima ndipo ndinawachingamira pa doko. Anandilozera matumba anayi osoka pakamwa, opanda malemba. Anati, "Akamwini, mwaona? Inu munati awiri, ine ndabweretsa anayi. Kugula kumafuna mkamwa." Ndinawomba m'manja n'kuthokoza. Sindinamasule thumba pamaso pawo. Kuno wamkulu akakunyamulira katundu wa kumtunda sumufufuza ngati wamugwira akuba. Matumbawo ndinasenza ndekha mpaka ku Yofu, awiri pa ulendo umodzi. Anali opepuka.

Nditamasula kunyumba ndinapeza zinthu zotuwa chachikasu, zopyapyala ngati mankhusu a mpunga. Ine keke wa soya ndinali ndisanamuonepo. Soya kuno sitilima. Amene ndimamudziwa ndi wa ndiwo uja wa m'mapaketi ku golosale. Ndinatapa pang'ono m'jumbo kuti ndikawaonetse alangizi, koma anthu anandiuza kuti ali ku Chizumulu, ndipo akachoka kumeneko apitirira ku maphunziro kumtunda. Foni yawo sinkapezeka.

Ndinayamba kudyetsa monga anandiuzira, mbale imodzi ya soya pa mbale zitatu za gaga, m'mawa ndi madzulo. Tianato tinkadya n'kumaliza. Mimba zinakula, koma pamsana pankaoneka mafupa ndipo ubweya unaimirira. Tinkalira ngakhale titangodya kumene. Ine ndinkati mwina soya akuchepa, ndiye ndinachepetsa gaga n'kumathira soya wambiri, mpaka mbale zitatu. Masiku ena ndinkasiya kupita kunyanja n'kukhala pakhola. Ndinabwereka sikelo ya usipa n'kuyeza kakakulu pa tonse. Poyamba kanali makilo naini. Patatha mwezi kanali makilo teni.

Pa 14 Seputembala ndinapeza kamodzi katafa pakona ya khola. Patatha sabata kanafanso kena. Tonse tiwiri ndinakwirira ndekha kuseri, pafupi ndi mlambe. Palibe amene anaona.

Pa 25 Seputembala alangizi anabwera. Anayang'ana tianato, kenako anapisa dzanja m'thumba, n'kuuzira zomwe anatapazo ndi pakamwa. Zonse zinauluka. Anati, "Bambo a Mayeso, izi ndi zimene mwakhala mukudyetsa mwezi wonsewu? Awa ndi makoko chabe. Mbuzi kapena ng'ombe ingagaye, koma kamwana ka nkhumba kamangodzaza mimba, mphamvu osapezamo." Anandionetsa pa foni chithunzi cha keke weniweni. Anati amakhala wolemera, wa zibuluma, ndipo thumba limodzi munthu amalimva pakhosi. Anatinso matumba anayi a makoko, pamodzi ndi sitima, sangapose K50,000.

Tsiku lomwelo masana ndinapita ku Khuyu. A Oswald ndinawapeza akusewera bawo pansi pa mtengo wa mango ndi amuna atatu. Ndinagwada n'kupempha kuti tiyankhulane pambali. Anati, "Nenani pomwepa, palibe mlendo." Ndinawauza zomwe ananena alangizi. Anayankha osadzutsa mutu pa bawo kuti, "Soya ndi soya. Nkhumba za ku Yofu zinayamba liti kusankha ndiwo?" Anthu aja anaseka. Mmodzi, a Allan, anati, "Mawa uziphikire tiyi wamkaka, aise." Ndinafunsa za ndalama zotsala. A Oswald anati, "Zotsala? Nanga mkazi wanu ku Mzuzu akudya mphepo? Akugona m'nyumba ya ndani?" Ine ndinati ndalama ya chakudya ndimamutumizira Dinah pa foni ndikapeza ganyu. Anapisa m'thumba la malaya, n'kuika K30,000 pa bawo. Anati, "Tengani, musandisokonezere nkhomo zanga." Ndinatola n'kubwerera.

Mawa lake ndinakumana ndi a Allan panjira ya ku Chipyela. Ndinawapempha kuti adzakhale mboni. Anati iwo maso anali pa bawo, sanamve kanthu. Amuna awiri enawo sindikuwadziwa maina. Ndinapitanso kwa ankhoswe a banja lathu. Anati nkhaniyi ndi ya m'nyumba, tidikire Dinah abwere. Ndinawafunsa kuti Dinahyo abwera ndi ndalama iti. Kenako ndinatsanzika.

Pa 2 Okotobala kanafa kachitatu. Tatsala tisanu. Pano ndikudyetsa gaga ndi fumbi la usipa limene ndimakasesa pa matandala ku Mbungo. Fumbilo silikwana, ndipo eni matandala ena amakana. Alangizi akuti ndikapeza keke weniweni mwezi uno, totsalato tingathe kuchira, koma kugulitsa kudzakhala mu Febuluwale, osati Khirisimasi. Akuti ukadutsa mwezi uno tidzangopinimbira.

Dzulo madzulo ndinamuimbira Dinah n'kumuuza zonse, komanso kuti ndikubwera ku polisi. Ndinkamumva Mayeso akulira cha pafupi. Dinah anati, "Mukawatengera amalume ku polisi, ine ndi mwanayu tikagona kuti? Ndiye ku Yofuko musandidikirenso." Anadula foni. Ndinaimbanso katatu, sanayankhe. Lero m'mawa ndaimbanso, foni ndi yothimitsa.

Ndadyetsa tianato, ndatseka khola, n'kuyenda wapansi kubwera pano. Ndabweretsa thumba limodzi la makoko aja lomwe sindinalimasule, ulusi wake ndi womwe uja, ndipo ndalisiya pano ngati umboni. Alangizi avomera kudzanena zomwe anaona. Mboni ina ndilibe.

Sindikupempha kuti a Oswald atsekeredwe. Za tiana titatu tomwe tinafa sindikuwerengera. Ndikupempha kuti aitanidwe mwakachetechete, osati pa bawo paja, andibwezere ndalama sitima isananyamuke Loweruka likubwerali, ndikagule ndekha kekeyo ndi kukamuona mwana. Khola ndidzapempha aneba kuti andiyang'anire, ngati angavomere.

Pa K150,000 ija, kuchotsa K50,000 ya makoko ndi sitima, kuchotsanso K30,000 yomwe anandipatsa, a Oswald atsala ndi K70,000 yanga.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Andiwerengera ndipo ndavomereza.

Wodandaula: Promise Chitanje ____________________

Tsiku: 7 Okotobala 2024