Pasta wa Mayi Harawa

A Manase Harawa, mkulu wa mpingo ku Hewe, anasiya njinga yawo kwa okonza pa Rumphi Boma n'kuyamba kuzungulira tauni wapansi, maso ali pazikwangwani. Akazi awo, a Judy, ankati akachoka ku Boma amafika kunyumba akumwetulira okha, n'kumati, "Koma pasta wa pa Boma uja, iii!" ndipo a Manase, amene nsanje inali itawamana tulo, analumbira kuti mlaliki ameneyu amuona ndi maso. Kuseri kwa msika anapeza chikwangwani chakuti PASTA ALI MUNO. Analowa osagogoda, n'kupezamo matebulo ndi mtsikana wovala epuloni, dzina lake Twambilile.

"Monire, adada. Khalani pansi."

"Sindikhala. Ndikufuna pasta."

"Wamtali kapena wamfupi?"

A Manase anaphethira. "Alipo awiri?"

"Analiponso wopindikapindika, koma watha."

"Wamuthetsa ndani?"

"Manesi a kuchipatala amene anabwera m'mawa."

"Ambuye Yesu!" A Manase anagwira tebulo. "Tamvera, mwanawe. Ine ndikufuna amene amawasangalatsa mayi Harawa a ku Hewe."

"Ooo, amama a duku lobiriwira aja! Amenewo ndi wamtali. Amamukonda chomene."

"Chomene?"

"Amachita kutsinzina."

A Manase anavula jekete n'kulikoleka pampando. "Kamuitane."

"Saitanika, adada. Ali m'madzi."

"Akubatiza?"

"Ayi, akuwira."

"Ehe! Wamva kuti ndabwera, ndiye mtima ukuwira. Awire! Ine ndinabatizidwa ku mishoni ya Khondowe, sindiopa alaliki a m'misika."

"Akangofewa ndimutulutsa."

"Womufewetsa ndine, mwanawe."

"Ayi, musamufewetse kwambiri. Amamatirira."

"Kumatirira ndani?"

"Chilichonse chimene chili pafupi."

A Manase anapukuta thukuta ndi chipewa. Zaka zonsezi a Judy akuimba m'chigwirizano cha amayi, lero akamatiriridwe kuseri kwa msika!

"Kodi iyeyu ali ndi mkazi?"

Twambilile anaganiza mofatsa. "Sindinamuonepo. Amapita ndi nyama yogaya. Ena amamufuna ndi soseji."

"Wadyera basi! Kwawo n'kuti?"

"Timakamutenga ku Mzuzu."

"Pabasi?"

"M'katoni."

"M'katoni? Munthu wamtali?"

"Amakwana. Mumphika ndimo savomera, ndiye ndimamuthyola pakati."

A Manase anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda khoma. Mawu anawachepera. "Iwe wemwe?"

"Ndi manja awa. Amangoti khetye! Sachedwa."

"Apolisi akudziwa?"

"Amabwera Lolemba. Iwo amamukonda wothira tsabola. Dikirani, wapsa."

Mtsikana uja analowa kukhitchini. A Manase anayang'ana khomo, kenako jekete, n'kuyamba kupemphera chamumtima kuti pasta uja, ngakhale anali wochimwa, Mulungu amukhululukire. Asananene ameni, Twambilile anawaikira mbale yofuka nthunzi patsogolo.

"Nayu, adada."

A Manase anawerama. Ananunkhiza. Anatokosa ndi chala.

"Si supageti uyu?"

"Eya. Abwana anati tizilemba pasta, n'chizungu cha m'tauni."

A Manase anangoti phwathaa pampando. Anaseka mpaka misozi, akumenya tebulo.

"Judy, Judy, undikhululukire! Ine kusala kudya, kuphulitsa tayala panjira ya ku Hewe, chifukwa cha zingwe za ufa! Bweretsa foloko, mwanawe."

Anabaya, supageti anathawa. Ananyamula, anagwera pathayi. Kachitatu anafika pakamwa, mchira uli lendee pachibwano. A Manase anamukoka ndi milomo kuti fyuu, ndipo nawonso anatsinzina.

"Yewo, yewo chomene. Mkazi wanga sananame. Koma foloko imeneyi ikufuna sukulu. Judy anaphunzira kuti?"

"Pampando womwe mwakhalapowo. Mumabaya, n'kupota chonchi. Poyamba amama ankavutikanso, koma abusa amawagwira dzanja."

Supageti anaima pakhosi. A Manase anatsokomola, maso atatuluka.

"Abusa?"

"Amene amabwera nawo aja. Aatali."

"Nanga nthawi yonseyi osandiuza bwanji?"

Twambilile anawathirira madzi m'kapu, n'kuwayang'ana modabwa.

"Simunafunse za abusa, adada. Inu mumafunsa za pasta."