Manambala a Mbewa Atsukidwa

Mwamva zomwe anthu akunong'onezana, zoti mayi oyeretsa ku labu ya kafukufuku wa sayansi achotsedwa ntchito? Dikirani ndikuuzeni bwinobwino! Mayiwa anatsuka makola a mbewa zoyesera mpaka manambala a inki onse anafufutika. Mbewazo zonse ndi zoyera mofanana, ndipo mawa lake kumabwera akuluakulu kudzaona ntchito ya zaka zitatu ya Adokotala, bwana wa pa labupo.

"Mayi! Manambala aja ali kuti?" anakuwa Adokotala.

"Munati nditsuke chilichonse, bwana. Anavuta kuchoka, koma taonani, mbee!"

Adokotala anagwira mutu. "Theka la mbewazi tinazichotsa jini ina. Ndizidziwa bwanji tsopano?"

"Munaiika pati jiniyo? Ndikakutengereni."

"Siikhala m'kabati! Ndi malangizo a m'kati mwa maselo. Ndiyo imasankha mapuloteni kuti uyu apite uku, uyu apite kotayira zinyalala. Ikasowa, amasochera."

Mayi anatsamira mopu. "Maselo ali ndi kotayira zinyalala? Amawatayira ndani?"

"Amataya okha!"

"Eee, ulemu wake! Kuposa ophunzira anu aja."

"Mayi, ine sindikuseka! Kuziyeza zonsezi ndi sabata yathunthu. Mawa ndikatha ine, inunso mwatha."

Apa mayi anaganizira ana kunyumba. "Komatu bwana, zosochera mapulotenizo si zogontha zija?"

"Palibe yogontha pano."

"Zilipo."

"M'mabuku anga mulibe!"

"M'makolamu zilimo."

"Ndati palibe!"

Mayi ananyamula chidebe chachitsulo n'kungochisiya. Gwengwerere! Mbewa za makola asanu zinadumpha ngati zaponda moto. Za makola asanu enawo zinangopitiriza kudya, phee.

"Zimatero m'mawa uliwonse. Zosadumphazi n'zimene zinali ndi manambala a inki yofiira."

Adokotala maso tuzu. "Yofiira? Ndi zomwezo tinazichotsa jini! Makutu! Kani jiniyi imagwiranso ntchito m'makutu! Mayi, gwetsaninso!"

Gwengwerere!

"Kenanso!"

"Chibooka, bwana, n'chimodzi chomwechi."

Munthu wamkulu ndithu anayamba kudumphadumpha, magalasi ali pachibwano. Kenaka anaima.

"Nanga bwanji simunandiuze zaka zonsezi?"

"Ndinakuuzani kanayi," anatero mayi, akukwezanso chidebe. "Tatembenukani, bwana, ndikuyezeni inunso."

Ndiye inuyo tandiuzani: lipoti lopereka kwa akuluakulu aja liyambe ndi dzina la ndani?