Kanyama ka Apongozi

Mkamwini uyu ankagwira ntchito mu labu ya pachipatala, kudula tinyama ta odwala n'kutipaka utoto kuti adokotala aone matenda pa maikulosikopu, ndipo anali munthu woti ukamufunsa kuti wadzuka bwanji amayamba wadziyeza kaye. Tsiku lina apongozi ake aamuna, amene anali atangochotsedwa chotupa pakhosi, anangoti balamanthu mu labumo osagogoda n'komwe.

"Ndabwera kudzatenga nyama yanga."

"Iti, bambo?"

"Kodi muli ndi nyama zingati za apongozi muno?"

Mkamwini anayang'ana pashelefu bwinobwino. "Ya apongozi ndi imodzi. Koma tinaiviika m'mankhwala kuti isawole, kenako tinaiumitsa m'phula."

"Aa, mwandisandutsa kandulo?"

"Ayi bambo, simungayake. Mulibe chingwe."

Apongozi anatsonya. "Mwana wanga ankati wakwatiwa ndi dokotala. Kani ndi wapabutchala."

"Sitigulitsa, bambo. Timangodula tizidutswa topyapyala kuposa khoko la anyezi." Anawaonetsa kagalasi kokhala ndi kadontho pakati.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndinu, bambo."

"Ine wa pinki?"

"Ndi pepo pang'ono. Popanda utoto simuoneka."

"Sukulu yonse ija, mapeto ake kupenta akuluakulu." Apongozi anatsomphola kagalasiko n'kukaponya m'thumba la jekete. "Kandulo yanga ija bweretsaninso."

Mkamwini anachita mantha zedi. Adokotala anali asanakaone kagalasiko, ndipo ngati chotupacho chinali khansa palibe akanadziwa. Nanga madzulo akanamuuza chiyani mkazi wake? Komabe nyama inalidi ya eni ake, choncho anapereka.

"Bambo, kodi mukuthawa yankho la adokotala?"

"Ndikuthawa fungo la muno. Ine sindiopa yankho la munthu aliyense, kungoti sindifuna kusuzumiridwa ngati mphika."

"Chabwino, bambo."

"Basi? Simukanganso?"

"Ndi yanu, bambo. Ndingowauza adokotala kuti mwatenga, adzadule ina."

Apongozi anaima pakhomo. "Adzadule pati?"

"Pakhosi pomwepo. Kachiwiri amakonda kuzamitsako."

Mkulu uja anabwerera pang'onopang'ono, n'kutulutsa kagalasi ndi phula lomwe, n'kuziika patebulo ngati mazira. Kenako anasuzumira kadontho kaja, mphuno atakwinya.

"Ndiye mwaimiranji, amkamwini? Utoto wachepa uwu. Onjezerani, adokotala angavutike maso."