Tsiku Limene Ndinakana Atate pa Geti la Sukulu

Abale anga mwa Khristu, ine ndinali mwana wonyada.

Atate anga anali khukhi pa loji ina ku Mfuwe. Ankaphikira alendo odzaona njovu ndi mikango. Kwathu ku Mlolo ndinkayenda ngati nthaka si yanga. Khasu sindinkaligwira. Anzanga a kusekondale ku Chadiza ndinkawauza kuti, “Inu mukununkha utsi.”

Kenako chuma chinavuta kumaiko kumene alendowo amachokera. Anasiya kubwera. Loji inatsekedwa, ndipo atate anabwerera ndi chikwama chimodzi. Ndinakwiyira Mulungu, ndinaleka kupita ku Misa. Kusukulu ndinanama kuti atate ali patchuthi.

Iwo sanakhale pansi. Anakumba dzenje kuseri kwa nyumba, naikamo makala ndi lata pamwamba, monga momwe ankaphikira buledi kuthengo, nayamba kuphika mabanzi. Mabanziwo ankawanyamula panjinga mpaka kuboma.

Tsiku lina masana ndinawapeza pageti la sukulu yathu, thukuta lili kamukamu. Mnzanga Tisa anandikoka dzanja.

“Iwe, si atate ako aja a kwa azungu?”

“Sindiwadziwa,” ndinatero.

Atate anamva. Anandiyang'ana, kenako anauza Tisa, “Wandifanizira, mama. Ine ndine wamabanzi chabe.” Anapatsa aliyense wa ife banzi limodzi, osalandira kanthu.

Ananama kuti anditeteze ine, amene ndinali nditangowakana!

Loweruka ndinakalapa kwa ansembe, ndikulira. Mulungu anandikhululukira. Koma kunatsala kugwada kwina. Nditafika kunyumba ndinagwada pafupi ndi dzenje lija.

“Atate, ndinakulakwirani.”

“Dzuka, mwanawe, ungapse,” anatero. “Gwira lata uko.”

Lolemba ndinasenza ndekha beseni la mabanzi, nditavala yunifolomu, mpaka pageti, atate ali pambali panga. Ena anaseka. Wina anakuwa, “Madamu a ku Mfuwe agwa!”

Ndinayankha mokweza, “Inde ndagwa, ndipo Yesu wandidzutsa. Awa ndi atate anga. Mugula angati?”

Asekebe! Alendo abwere, asabwere, ine ndidzalemba mayeso anga ndipo manyazi sadzandilamuliranso. Amene anatseka loji sangatseke manja a atate, sangatsekenso chifundo cha Mulungu.

Mnzanga, ngati ntchito ya makolo ako inatha ndipo iwe ukuwabisa, leka lero. Pita ukaime pambali pawo anthu akuona. Ambuye amene anandilandira ine akukudikira pomwepo.

Dzina lake litamandike.