Nyenje za M'makutu Mwanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ambiri mukundidziwa. Ndine Esita wa ku Nkholongue, uja ndinkayambitsa nyimbo m'kwaya. Ndinali wonyada, ndisabise. Munthu akaphonya nyimbo ndinkamuponyera diso mpaka atseke pakamwa. Pakamwa ndinkayimbira Mulungu, koma mtima unkangomvera kukoma kwa mawu anga.

Ndili mtsikana ndinadwala malungo aakulu. Malungowo anapita, koma anandisiyira kaphokoso m'khutu lamanzere, kolira ngati nyenje ya m'chilimwe. Kanali kakang'ono. Ndikayimba kankabisala, ndiye sindinauze munthu.

Nditatenga pakati, mwezi wachisanu, nyenje ija inaitana anzake. Makutu onse awiri, nswiii, osapuma. Nthawi zina phokosolo linkagunda pamodzi ndi mtima. Tsiku lina m'tchalitchi ndinayambitsa nyimbo pamwamba kwambiri, kwaya yonse n'kumwazikana. Ndinaona anthu akuwerama kubisa kuseka. Sabata yotsatira anapempha a Marita, mayi oyandikana nafe nyumba, kuti aziyambitsa ndi iwo.

Paja kwathu kuno timati khutu likalira, ndiye kuti wina akukunena. Nanga langa lolira tsiku lonse? Ndinati ameneyu si winanso ayi. Ndinapita kwa a Marita, ndinawapeza akuyanika chinangwa.

"Mwatenga nyimbo zanga, tsopano mukufuna mutu wanga? Pakhomo panga musadzapondepo!"

Iwo anati, "Mayo ine! Esita, ndakulakwira chiyani?" Ndinawasiya ali chiimire, chinangwa chili m'manja.

Amuna anga anandikweza shapa, minibasi zathu zija, kupita kuchipatala ku Metangula. Anamwino atandiyeza anati magazi akuthamanga, n'kundipatsa mankhwala. Anati kwa amayi ena pathupi pamakuza phokoso lotere, ndipo mwina lidzachepa mwana akabadwa. Mawu akuti "mwina" sindinawamve. Ndinangowerenga masiku.

Mwana anabadwa kuchipatala komweko, wamkazi. Iye analira, anthu anasangalala. Ine ndinatchera khutu kudikira bata. Nyenje zinali pomwepo, popanda ngakhale imodzi yochoka.

Titabwerera kumudzi ndinalowa m'chikuta, masiku aja mayi ndi khanda satuluka m'nyumba mpaka mchombo utagwa. Mayi anga anatchinga zenera ndi chitenje cha kapulana. Analetsa kusinja pafupi, nkhuku zomwe anazipirikitsa. Ankafuna kuti ndipume. Sankadziwa kuti kukakhala zii m'pamene phokoso langa limakula.

Tulo ndinalibe. Chakudya chinkandikanika. Ndikapemphera sindinkamva ngakhale pemphero langa lomwe, ndipo ndinati nanga Mulungu alimva bwanji? Ndinayamba kuopa kuti ndikupenga. Tsiku lachinayi m'mawa, amuna anga ali kokonza ukonde, mayi atapita kukazula chinangwa, ndinang'amba kansanza. Ndinatseka makutu onse awiri, ndinamanga duku mwamphamvu, n'kufunda kumutu. Zakunja zonse zinazima. Zam'kati zinatsala zokha, zikukuwa.

Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinadzidzimuka wina atandivundukula. Anali a Marita. M'manja mwawo munali mwana wanga, nkhope ili psuu, mawu atasasa, akungoyasamula kukamwa. Anali atalira mpaka kumveka kuseri kwa mpanda. Ine mayi wake ndinali pambali pake penipeni, osamva kanthu.

Abale, pamenepo mtima wanga unatha. Ndinati ndine mayi wanji wosamva mwana wake? Lero walira, mawa adzatsamwa, ine ndili gone. Bola aleredwe ndi munthu wa makutu. Ndinadzuka, ndinatuluka m'chikuta mchombo usanagwe, ndinalunjika kunyanja. Sindinkapita kukasamba ayi.

Dzuwa linali pamutu. Kunkawomba mwera, mabwato onse ali pamtunda. Ndinalowa mpaka m'mawondo, mpaka m'chiuno. Funde linandimenya kumaso, duku linapita, tinsanza tija tinagwa. Mkokomo wa madzi unadzaza mutu wanga wonse.

Ndinaima. Nyenje zija zinali zitamira mumkokomowo. Miyezi inayi yathunthu ndinali ndisanapumepo chotero.

Kenako ndinamva dzina langa. A Marita anali atanditsatira, mwana atamufungata mu kapulana. Nawonso anali ataswa mwambo, kutulutsa khanda la masiku anayi kumphepo. Analowa m'madzi mpaka m'mawondo.

"Esita! Ngati ndine ndakulodza, bwera undimize ine. Koma uyu akufuna bere!"

Ndinabwerera pang'onopang'ono. Nditayandikira ndinakamva kamawu kosasa kaja. Ndinakamva ndi makutu anga omwewa. Ndinakhala pamchenga ndili chinyowere, n'kunena kuti, "Amayi, ndikhululukireni."

A Marita anati, "Yamwitsa kaye, zopepesa tiziona."

Sindikunamizani kuti ndinachiritsidwa. Pano ndikuyankhula pano zikulira. Masiku ena ndimakhala kuseri kwa nyumba n'kulira nazo limodzi. Anamwino anandiuza kuti ndisadzatsekenso makutu, ndizikhala pamene pali kaphokoso, kaya ka wailesi, kaya ka madzi. Ndiye zikandikulira ndimabereka mwana wanga Luwiza n'kupita kukachapa kunyanja, zochapa zikhalepo zisakhalepo. Nyimbo sindiyambitsanso. Ndimaima kumbuyo kwa a Marita, ndimayang'ana mapewa awo, akapuma nane ndimapuma.

Ndinapempha Mulungu kuti andichotsere phokoso. Sanalichotse. Koma tsiku limene ine sindinamve mwana wanga, Iye anamumva, natuma munthu yemwe ndinamuletsa kuponda pakhomo panga. Dzina lake lilemekezeke, chifukwa akanapanda kutero Luwiza akanakula akuloza nyanja kuti ndiwo manda a amake.

Tsono inu mayi amene muli ndi pakati, kapena muli ndi khanda, ndipo m'mutu mwanu muli chinthu chimene mukuopa kuuza anthu, musachite zanga. Musatseke makutu, musatseke chitseko. Yesu amene anandibweza m'madzi akukufunani inunso. Mapemphero akatha mundipeza panja pansi pa mtengo wa mango, tidzapemphere limodzi.

Mukandiitana ndikapanda kucheuka, musaganize kuti kunyada kuja kwabwerera. Ingondigwirani paphewa.