A Bakha, Telala Wosambira Mopanda Wotchi

Malemu amene tikuwaperekeza lerowa anabadwa pa 9 Juni 1956, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu anayamba mu 1963 n'kulekezera kusekondale. Ine mng'ono wawo sindibisa, masamu ndi iwo sankamwerana madzi. Mu 1975 anayamba utelala. Tepi yoyezera inkangolendewera m'khosi ngati mkanda. Ankakuyang'ana kamodzi, n'kudula nsalu, chovala n'kukukwana.

Mu 1981 anamanga banja ndi alamu anga akhala apawa, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi. Mu 1990 mwana wawo wachisamba anamira mumtsinje ali wamng'ono. Kuyambira pomwepo alamu anadana ndi madzi. Pamlatho ankawoloka atatsinzina, ndipo analetseratu ana awo, pambuyo pake ndi adzukulu omwe, kuyandikira madzi opitirira m'mawondo.

Mu 2008 msana unayamba kuwavuta malemu chifukwa chowerama pa mashini, ndipo adokotala anawalangiza kuti azisambira. Alamu anakana kwamtuwagalu, koma ataona amuna awo akulephera ngakhale kumanga nsapato, analola. Loweruka lililonse ankawaperekeza ku dziwe losambiriramo, n'kukhala pabenchi, thaulo pamiyendo, mtima uli m'mwamba.

Anzawo padziwepo ankabwera ndi mawotchi, akuwerenga maulendo. Achimwene ayi. Thupi likafuna, ankasambira mpaka mapewa kutentha. Likakana, ankangoyandama chagada akuimba nyimbo zosadziwika mutu wake. Ankati thupi silinama, ndipo munthu azituluka m'madzi akadawafuna, kuti mawa adzabwerenso. Anzawo anawatcha a Bakha, iwo dzina n'kulilandira ndi manja awiri. Pang'ono ndi pang'ono anthu anayamba kuwatsatira: oyendetsa basi, anamwino, ngakhale agogo ena amene anali asanasambirepo chibadwire. Koma chinthu chimodzi chinkawapweteka. Anandiuzapo kuti ankaopa kudzamwalira akazi awo akadali pabenchi paja, akulirabe mwana. Komabe sanawakakamize.

Mu Januwale 2024 anadwala matenda opha ziwalo, mbali ya kumanzere n'kufooka. Adokotala anati madzi awathandiza, malinga pakhale wowagwira. Anzawo anadzipereka, iwo anakana. Ine ndinadzipereka, anandiuza kuti manja anga ndi a mphaka. Ankafuna akazi awo basi, apo ayi akhala pampando mpaka kufa. Tinkaganiza kuti matenda awasokoneza mutu, osadziwa kuti unali ukathyali wa chikondi.

Mu Epulo chaka chomwecho alamu anavula nsapato. Anavala chovala chosambirira chimene malemu anawasokera kalekale n'kuchisunga m'kabati ya mashini, ndipo anatsika masitepe a padziwe paja, misozi ili mbwe, mpaka madzi anafika m'chifuwa. Alamu anawagwira amuna awo m'madzimo. Pofika Okutobala zinthu zinali zitatembenuka: alamu ndi amene ankayandama chagada akuseka, malemu atawachirikiza pamsana ndi dzanja limodzi lotsala lija. Achimwene sindinawaonepo okondwa chotero, ngakhale pa ukwati wawo.

Pa 3 Malichi 2025 mtima unawathina, ndipo anatisiya ali kuchipatala. Asiya mkazi, ana atatu ndi adzukulu asanu ndi mmodzi.

A banja tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, matelala anzawo amene anamaliza zovala zimene anasiya pa mashini, ndi gulu la padziwe limene lanyamula bokosili. Alamu andituma ndilengeze kuti Loweruka likubwerali gululo likumane monga mwa nthawi zonse, ndipo wotchi isiyidwe kunyumba. Iwo abwera ndi adzukulu onse, awalowetsa m'madzi ndi manja awo. Wofuna benchi ija akhoza kukhalapo, ilibenso mwini.

Pitani bwino, achimwene, a Bakha athu. Mzimu wanu uuse mumtendere.